Pabalaza m'chipinda cha mchenga: mbiri ya zombo za matanga za ku Netherlands

Pa ngalande ya Prinsengracht mumzinda wa Amsterdam pamakhala chombo china chachitsulo, dzina lake Hendrika Maria. Chinakhomedwa mu 1914, n'chotalika pafupifupi mamita 23, ndipo mpaka m'zaka za m'ma 1960 ntchito yake inali yonyamula mchenga ndi miyala. Mlendo akatsika masitepe ake lero amapeza pabalaza, n'kuona khitchini, bafa ndi mipando yawofuwofu, zonsezi zili m'mimba mwa chombo momwe kale ankathiramo mchengawo. Chakumbuyo kwa chombocho kuli kachipinda kotsika denga, kokhala ndi mabedi olowa m'khoma. Umo ndi momwe mwini chombo ankagona ndi banja lake lonse pa nthawi imene chombocho chinali pa ntchito. Malo aakulu anali a mchenga, poti mchenga ndiwo unkadyetsa banja. Anthu ankangopanikizana pa kotsalako.

Zombo zotere zilipo zambiri ndithu m'ngalande ndi m'madoko a dzikolo, zina zitapitirira zaka 100. Amene anazipulumutsa kwa odula zitsulo sanali akatswiri a mbiri yakale. Anali anthu osowa pogona.

Netherlands ndi dziko lathyathyathya, lamadzi okhaokha. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a nthaka yake ndi lotsika kuposa nyanja, ndipo kalelo misewu yake inkasanduka phala mvula ikangogwa. Ngolo inkatitimira pamene chombo chinkangodutsa. N'chifukwa chake midzi yambiri inali ndi ngalande yake, ndipo panali zombo zimene zinkanyamuka pa tsiku loikika kupita kumsika wa m'tauni ndi tchizi, mbatata, ziweto ndi anthu omwe.

Katundu amene anakulitsa ntchitoyi kuposa onse ndi dothi lakuda la m'madambo limene eni ake amati turf. Dothili ndi zomera zimene zinaunjikana m'madzi kwa zaka zikwizikwi osawoleratu. Likadulidwa m'zidutswazidutswa n'kuyanikidwa, limayaka bwino. Dzikolo linalibe nkhalango zokwanira, choncho turf ndiye ankaphikira chakudya, kufunditsa nyumba, kuotchera njerwa ndi kufulira mowa m'mizinda ngati Amsterdam m'zaka za m'ma 1600. Kumpoto, m'zigawo za Groningen, Drenthe ndi Friesland, anthu anakumba ngalande zowongoka zolowa m'madambomo, ndipo matauni monga Veendam, Hoogezand ndi Stadskanaal anamera m'mbali mwa ngalandezo. Chombo chinkapita kumzinda ndi turf, pobwerera n'kusenza zinyalala za m'misewu ndi za m'zimbudzi za mumzindamo, zokathira m'minda yatsopano pamene dambo lachotsedwa. Ku Friesland kunalinso malonda ena odabwitsa. Makolo akale a kumeneko ankaunjika zitunda zazikulu n'kumangapo midzi pothawa madzi osefukira. M'zaka za m'ma 1800 anthu anazindikira kuti dothi la zitundazo ndi lachonde kwambiri, ndiye anayamba kuzigumula n'kumagulitsa dothilo kwa alimi a m'madera amchenga. Ku Hegebeintum tchalitchi chinatsala chili pamwamba pa chigumukire, mbali yaikulu ya chitunda chake itapita pa zombo.

Madzi amenewa ndiwo anaumba chombo. Ngalande zinali zosaya, milatho yotsika, zitseko za madzi zopapatiza. Mmisiri ankayenera kukhoma chombo cholowa katundu wambiri koma chosamira kwambiri, ndipo chimene chinatulukapo ndi tjalk: pansi pake m'pafulati, kutsogolo ndi kumbuyo n'kobulungira, m'mbali muli chiriri. Vuto la chombo chafulati n'lakuti mphepo ikaomba cham'mbali chimangotsetsereka chopingasa. Mankhwala ake anali matabwa awiri akuluakulu a mtengo wa oki, limodzi mbali iyi lina mbali inayo. Woyendetsa amatsitsira m'madzi thabwa la mbali imene mphepo ikulowera, thabwalo n'kugwira madzi, chombo n'kulunjika kutsogolo. Akatembenuka amakweza ili n'kutsitsa linalo. Mlongoti nawo unkagona chagada pofika pa mlatho. Pa zombo zing'onozing'ono kunsi kwa mlongoti ankamangirirako chitsulo cholemera, moti munthu mmodzi kapena awiri ankatha kuugoneka n'kuudzutsanso chombo chili chiyendere. Pa milatho yotseguka, mlonda ankatsitsa nsapato yamtengo yomangirira ku chingwe cha ndodo kuti woyendetsa aponyemo ndalama, mwambo umene m'malo ena a ku Friesland ukadalipo.

Dera lililonse linali ndi mtundu wake. Ku Friesland kunali skûtsje, mng'ono wake wa tjalk, wotalika mamita 12 mpaka 20. M'mitsinje ikuluikulu munkayenda aak zamitundumitundu, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 kunabwera klipper, yosongoka kutsogolo ndi yothamanga. Nthawi yomweyo amisiri anasiya matabwa n'kuyamba chitsulo. Mabanja ena okhoma zombo, monga Roorda wa ku Drachten, Van der Werff wa ku Buitenstvallaat ndi Barkmeijer wa ku Stroobos, maina awo amatchulidwabe mpaka lero munthu akamagulitsa skûtsje, ndipo odziwa amazindikira dzanja la mmisiri pongoyang'ana kupindika kwa mutu wa chombo.

Zithunzi za m'makalendala zimaonetsa matanga ofufuma pa nyanja yabata. Moyo weniweni unali wa chingwe. Mphepo ikakana, kapena ikamachokera kumene chombo chikupita, panalibe kudikira. Amene anali ndi ndalama ankachita ganyu munthu wa hatchi kuti akoke chombo ali pa kanjira ka m'mbali mwa ngalande. Amene analibe, ndipo ndiwo anali ambiri, ankatsitsa mkazi ndi ana okulirapo. Mayi ankavala lamba wachinsalu pachifuwa, n'kuwerama, n'kumakoka matani makumi angapo a ndowe kapena turf mtunda wautali, bambo ali pa chiwongolero kapena akukankha ndi mtengo wautali wotsamira paphewa. Ana aang'ono ankawamanga chingwe m'chiuno kuti asagwere m'madzi. Kachipinda ka banja, kotchedwa roef, nthawi zambiri sikankaposa khitchini ya pamudzi, ndipo munthu wamkulu sankaimamo chilili. M'menemo munali mbaula, kathebulo ndi mabedi a m'khoma momwe ana ankagona mothithikana. Ngalande zikauma ndi chisanu, chombo chinkaima milungu yathunthu popanda cholowa m'thumba.

Sukulu inali ya apo ndi apo, masiku ochepa pamene chombo chakocheza. Lamulo lokakamiza ana kupita kusukulu linayamba kugwira ntchito mu 1901, koma ana a pa zombo silinawakhudze mpaka m'zaka za m'ma 1960, ndipo litawakhudza ambiri anakulira m'nyumba zogonera ana a oyendetsa zombo, kutali ndi makolo awo.

Injini itafika, matanga sanathe tsiku limodzi. Cha m'ma 1920 kunayamba kukhomedwa zombo za injini zokhala ndi chipinda choyendetsera ndi malo ogona abwinopo, zimene anazitcha luxe motor. Mwini tjalk wosauka sakanatha kugula chatsopano, ndiye ankachita zotheka. Ena anagula kaboti kakang'ono ka injini kokankha chombo kumbuyo. Ena anaika injini pamwamba chakutsogolo, pulopela yake ili kunsonga kwa mkono wautali wachitsulo wotsitsira m'madzi cham'mbali. Mlongoti unafupikitsidwa n'kusanduka chokwezera katundu, matabwa a m'mbali aja anachotsedwa, zombo zina zinadulidwa pakati n'kulumikizidwa kuti zitalike. Makampani a Kromhout ku Amsterdam ndi Brons ku Appingedam anatchuka ndi injini zogunda pang'onopang'ono zimene anthu ena masiku ano amayenda mtunda wautali kuti akangomva kulira kwake.

Koma katundu ankathawa. Malasha analanda malo a turf, feteleza analanda malo a dothi la zitunda, sitima yapamtunda ndi malole zinatenga zotsalazo. Pa mavuto azachuma a m'ma 1930 zombo zinachuluka kuposa katundu, ndipo mu 1933 boma linakhazikitsa lamulo loti katundu azigawidwa motsata mzere: woyendetsa ankalembetsa pa ofesi, n'kudikira kuti nthawi yake ikwane. Lamuloli linali loti likhale kanthawi kochepa koma linakhala mpaka 1998, ndipo boma litafuna kulichotsa mu 1975 oyendetsa zombo anatseka mitsinje ndi madoko mpaka boma linabweza moto. Ngakhale zinali choncho, chombo cha matani 50 chinalibenso tsogolo. Gasi atapezeka ku Slochteren mu 1959, nkhani ya turf inatheratu. Ngalande zina zinakwiriridwa n'kukhala misewu, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 boma linayamba kulipira eni zombo zakale kuti azipereke kukadulidwa.

Apa m'pamene njala ya nyumba inakumana ndi zombo zopanda ntchito. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inasiya nyumba zambiri zitagumuka, kumanga kutaima kwa zaka zisanu, kenako ana anabadwa ochuluka. Mabanja atsopano ankakhala zaka m'kachipinda ka kwa apongozi. Chombo chakale chinkagulidwa pa mtengo wa zitsulo zotha ntchito, munthu n'kuchikokera m'ngalande ya mumzinda, kuchimangirira ku mtengo, kuyala matabwa m'chipinda cha katundu, kuika mbaula, basi nyumba yatheka. Kukhala pa madzi sikunali kopatsa ulemu. Kuyambira mu 1918 panali lamulo limodzi loyang'anira anthu okhala m'zombo pamodzi ndi okhala m'ngolo zoyendayenda, ndipo a pamtunda ankawaona onsewo ngati anthu osadalirika. M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 kunabwera gulu lina: ophunzira a m'makoleji, ojambula, oimba ndi achinyamata okana moyo wa makolo awo. Hendrika Maria inasanduka nyumba m'nyengo imeneyi, ndipo kuyambira mu 1997 ndi malo oonetsera alendo mmene anthu amakhalira pa madzi. Ngakhale amphaka anapeza pogona: mu 1968 mayi Henriëtte van Weelde anagula chombo chakale pa ngalande ya Singel kuti azisungiramo amphaka osowa kwawo, ndipo malowo, Poezenboot, alipobe.

Kunena mosapsatira, ambiri mwa anthuwa anazipundula zombozo. Ankachotsa zivundikiro za chipinda cha katundu n'kumangapo bokosi lamatabwa la mawindo akuluakulu, mlongoti n'kuuwaza nkhuni. Komabe thupi lachitsulo linatsala likuyandama, pamene anzake amene sanapeze wogonamo anasungunulidwa.

Anthu ena mwa okhalamowo anayamba kufunsa kuti chombo chawo chinkaoneka bwanji chisanavulidwe. Mu 1974 anakhazikitsa bungwe losunga zombo zakale za ntchito, limene lero limadziwika ndi zilembo zoti LVBHB, ndipo magazini yake ndi Bokkepoot. Chaka chomwecho Reid de Jong wa ku Workum anayambitsa mpikisano wa Strontrace. Mwezi wa Okutobala zombo zimanyamuka ku Workum ndi matumba a ndowe youma ya ng'ombe kupita ku Warmond, kudera lolima maluwa, n'kubwerera, osaliza injini. Mphepo ikatha, anthu amavala lamba uja n'kukoka. Ku Friesland mipikisano ya skûtsje ndi yakale kwambiri. Kalelo eni malo omwera mowa ndiwo ankaika mphoto pofuna kukopa makasitomala, ndipo woyendetsa ankatsitsa banja ndi ziwiya zonse pamtunda kuti chombo chipepuke. Bungwe la SKS, limene linayamba mu 1945, limapikisanitsa zombo 14 chaka chilichonse kuyambira ku Grou n'kukathera ku Sneek. Mu 1981 kunabadwa bungwe lina, IFKS, lotsegukira aliyense, ndipo anthu anayamba kusakasaka skûtsje zakale m'ngalande za m'mizinda, kugumula mabokosi aja n'kuzibwezera matanga. Zombo zikuluzikulu zinapeza ntchito yonyamula alendo ndi ana asukulu pa nyanja ya IJsselmeer ndi ya Waddenzee kuchokera m'madoko ngati Harlingen ndi Enkhuizen. Kumeneko pansi pafulati pamaonetsa phindu lake: madzi akaphwa chombo chimangokhala pa mchenga chili chowongoka, alendo n'kutsika kumayenda pansi.

Munthu wogula chombo chotere kuti akhalemo amayamba ndi pansi pake. Chombo chimakokeredwa pamtunda, n'kutsukidwa ndi madzi amphamvu mpaka nkhono ndi ndere zitachoka. Kenako katswiri amalowa kunsi ndi nyundo ndi kachipangizo koyezera kukhuthala kwa chitsulo. Amagogoda, kumvetsera, kupala pang'ono, kuyeza, n'kulemba nambala ndi choko pomwepo, mpaka mimba yonse ya chombo itadzaza manambala. Makampani a inshuwalansi kawirikawiri amafuna mamilimita atatu kapena anayi, ndipo pamene papyapyala kuposa apo amazunguliza mzere. Mwini chombo amaima pambali n'kumawerenga mizereyo, chifukwa uliwonse ndi ndalama. Zimenezi zimabwerezedwa pakapita zaka zingapo, moyo wonse wa chombo.

Chodabwitsa n'chakuti dzimbiri loopsa limachokera m'kati. Anthu akamapuma, kuphika ndi kusamba m'chombo pamene kunja kukuzizira, chitsulo chimachita thukuta, madziwo n'kutsikira pansi pa matabwa pomwe palibe amene amayang'anako. Akale ankapaka mafuta okhuthala pansi ponse m'katimo, ndipo zombo zimene zinapakidwa bwino zimapezeka chitsulo chake chili gwa patatha zaka 100. Choipa kwambiri ndi konkire imene ena anathira pansi kuti chombo chilemere. Chombo chopanda katundu chimayandama pamwamba kwambiri, pulopela n'kumapalasa mphepo, ndiye kulemeretsa n'kofunika ndithu, koma konkire ikang'ambika madzi amalowa kunsi kwake n'kumadya chitsulo mobisa. Odziwa amaika zitsulo kapena miyala yoti angathe kuichotsa.

Kukonza pamene pawonongeka kuli ndi mkangano wake. Zombozi sizinawotchereredwe. Zitsulo zake zinalumikizidwa ndi misomali yonenepa yokhomedwa ili psu ndi moto: mnyamata ankaotcha msomali, wina n'kuulowetsa pa bowo n'kuutsamira ndi chitsulo cholemera, wachitatu n'kusula mutu wake ndi nyundo mbali inayo. Msomali ukamazizira umafupika n'kukoka zitsulo ziwirizo mpaka madzi osapeza polowa. Wowotcherera wosazolowera akayandikiza moto pa mzere wa misomaliyi, imamasuka n'kuyamba kudontha, ndipo chitsulo cha zombo zakale kwambiri chimakhala chamagawomagawo moti chimang'ambika m'mbali mwa powotchererapo. Njira yotchipa ndi kuphatika chitsulo chatsopano pamwamba pa chakale. Njira yabwino ndi kudula powolapo n'kuikapo china. Amisiri odziwa kukhoma misomali yamoto atsala ochepa, ndipo malo ngati Koningspoort ku Rotterdam ndi Museumwerf ku Vreeswijk ndi ena mwa amene akusunga lusolo.

Mbiri ya chombo imafufuzidwanso. Kuyambira mu 1899 boma linkayeza zombo zonse za katundu n'kulemba m'mabuku dzina, mwini wake, kumene chinakhomedwa, utali ndi matani ake. Mabukuwa anasungidwa, anthu ongodzipereka anawakopera pa kompyuta, ndipo munthu akapala penti n'kupeza nambala yodindidwa pa chitsulo amatha kudziwa kuti nyumba yake inakhomedwa chaka chiti, inasintha maina kangati, ndiponso kuti inatalikitsidwa liti. Ena akadziwa zimenezi amadula mamita owonjezerawo n'kubwezera chombo msinkhu wake woyamba, kutanthauza kuti alolera kutaya chipinda chimodzi chogona.

Apa m'pamene nyumba ndi chombo zimakokanakokana. Banja limafuna kuwala, denga loti munthu aime, ndi kutentha m'nyengo yachisanu. Kaundula wa zombo zakale wa dzikolo, amene amalandira zombo zopitirira zaka 50, amayang'ana ngati maonekedwe akunja akufanana ndi a nthawi ya ntchito. Okonza mwaluso amasiya zivundikiro za chipinda cha katundu zikuoneka monga kale, n'kubisa mawindo pamwamba pake ndi timawindo tobulungira m'mbali, moti wodutsa pamlatho sangadziwe kuti pansipo pali mashelefu a mabuku ndi makina ochapira. Amene akufunanso kuyenda ndi matanga amawonjezera mtolo wina: mlongoti, zingwe, matabwa a oki aja, zonse zofuna diso chaka ndi chaka. Mu Ogasiti 2016 mlongoti wa chombo china chonyamula alendo unathyoka padoko la Harlingen n'kupha anthu atatu a ku Germany. Ofufuza ngozi anapeza kuti madzi ankalowa kuseri kwa chitsulo chimene chinakutidwa pa mlongotiwo, mtengo n'kuwola m'kati kunja kukuoneka bwinobwino.

Ufulu umene unakopa achinyamata a m'ma 1970 unatha pang'onopang'ono. Mzinda wa Amsterdam, umene uli ndi nyumba zoyandama pafupifupi 2,500, unasiya kupereka malo atsopano m'ngalande zake zapakati. Zimbudzi zimene kale zinkangotayira m'madzi zinalumikizidwa ku mapaipi a mzinda. Mu 2014 khothi lalikulu loona milandu ya boma, Raad van State, linagamula kuti chombo chimene chimangokhala pamalo amodzi anthu akugonamo ndi nyumba monga nyumba ina iliyonse, ndipo panafunika lamulo latsopano mu 2018 kuti zombo zimene zinalipo kale zisapezeke zolakwira malamulo a zomangamanga. Kumapeto kwa chaka chomwecho zombo zonse zoyenda zopitirira mamita 20 zinayenera kukhala ndi satifiketi yotsimikiza kuti zili bwino, ndipo eni ake ena ataona mtengo wake anangoganiza zosiya kuyenda.

Lero chodula si chombo koma malo ochimangirira. M'katikati mwa Amsterdam malowo amafika mayuro masauzande mazanamazana, ndipo wogula wa ndalama zotere nthawi zambiri safuna zomakwawa pansi pa matabwa ndi chitini cha mafuta. Amalakalaka nyumba yoyandama pa bokosi la konkire, yosachita dzimbiri, yosafuna kukokeredwa pamtunda. Makhonsolo ena, kuphatikizapo ya Amsterdam, anaika malamulo oti m'madera ena chombo chikachoka palowe chombo chinzake, ndipo mizinda ngati Gouda, Rotterdam ndi Amsterdam yomweyo ili ndi madoko apadera momwe amaloleza zombo zakale zokha, eni ake akugonamo, bola azizisamala ndi kuzisunga zili zotha kuyenda.

Chombo chopanda malo chimatsika mtengo kwambiri, ndipo zambiri zoterozo zagulidwa ndi anthu akunja. Zina zinatsika ndi ngalande za ku Belgium mpaka kum'mwera kwa France. Zina zinadikira tsiku labata n'kuwoloka nyanja kupita ku Britain, ulendo woika moyo pachiswe kwa chombo chafulati chimene chinakhomedwera madzi osaya. Ku Britain eni ake anachuluka mpaka anayambitsa bungwe lawo mu 1992, ndipo pa mtsinje wa Thames mu London, cha ku Wapping ndi kufupi ndi Tower Bridge, pali tjalk ndi klipper zingapo zomangiriridwa pamodzi, zambiri zikadali ndi maina achidatchi amene eni ake oyamba anazipatsa.